Chipewa cha Madontho Obiriwira

Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, ndi wachialubino, ndipo kwa zaka zambiri ankadana ndi chipewa koopsa. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndinalipo. Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Malawi, komwe tinathawira, titasenza mabulangete, mapoto ndi chipewa chimodzi chachikulu chamlaza chimene amayi anamugulira atalangizidwa ndi namwino wa kumsasa. Tsiku loyamba kulowa nacho mumsika wa ku Mandimba, anyamata ogulitsa nsomba zouma anaimirira n'kuwerama monyogodola. "Patarau, bwana wamkulu uja, wabwera! Mzungu wabwerera kudzatenga minda yake!" Msika wonse unafa nako kuseka. Iye anali mnyamata wongoyamba kumera ndevu. Titafika kunyumba anachiponya m'chimbudzi chipewacho, amayi akuona.

Atakula anakakhazikika ku Itepela, ku Ngauma, komwe malemu bambo anasiya malo. Anakwatira, anabereka ana akuda bii, ndipo ndi mlimi woti ukaona chimanga chake umadzimvera chisoni. Koma ankalima mutu uli pamtunda, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la sitolo ina, loja monga timanenera kuno, pafupi ndi pomwe amaima mashapa, maminibasi athu aja, ku Mandimba, ndiye chaka ndi chaka ndinkamusokera malaya a manja aatali. Ankathokoza bwinobwino, kuvala, kenako n'kupinda manjawo mpaka m'zigongono. Ndikatchula chipewa ankangoti, "Achemwali, mvula ikugwa bwanji kwanuko?" Munthu wouma mutu ngati ameneyo sindinamuonepo, ngakhale ena amati tinatengera kumodzi.

Chaka chimene ndikunenachi, nthawi yokolola, mlamu wanga anabwera kudzagulitsa nyemba n'kundikokera pambali. Anati mwamuna wake ali ndi kachilonda kuseri kwa khutu, pomwe khosi limayambira. Kamachita nkhanambo, nkhanamboyo n'kugwa, magazi n'kutuluka, kenako kuyambiranso, ndipo kakukula. Kuchipatala chaching'ono cha kwawoko anamupatsa mankhwala opaka n'kumuuza kuti apite ku Cuamba akamuone bwino. Iye anati kachilonda sikaletsa khasu. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinali nditaonapo anthu a khungu ngati lake akuyamba choncho, n'kuthera kumanga nsalu theka la nkhope. Panalinso china chimene iye sankachitchula. Masiku amenewo anthu onga iye sankakonda maulendo ataliatali chifukwa cha nkhani za anthu oipa mtima amene ankawasaka. Pa chimenechi sindinamudzudzule, koma chilondacho chinkakulabe.

Ndinakwera shapa kukamuona. Ndinalankhula mofatsa, ndinakalipa, ndinatchula amayi athu kumanda. Anandipatsa nkhuku ndi thumba la mbatata n'kundiperekeza kumsewu. Pokwera shapa anandiuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iye sanamve kanthu.

Ndiye ndinayamba kuchita ukathyali. Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, anali ku Joni kumaliza maphunziro aakulu aja amene munthu amakalamba nawo, ndipo anali atalonjeza kuti abwera kunyumba chilimwe chimenecho. Amalume ake ankamukonda mwanayu kuposa ana awo enieni, ndipo ndi iwo anagulitsa mbuzi kuti iye apite ku sekondale. Ndinadziwa kuti phwando la mwana ameneyu sangalikane. Akatsikira ku Mandimba, ndinaganiza, tidzamuzinga tonse, ndipo Cuamba sidzakhalanso patali. Kwathu kuno phwando silikhala phwando ngati banja lonse silinavale kapulana imodzi, chitenje chofanana, ndiye ndinamuuza mwanayo pafoni kuti asankhe yekha nsalu, anditumizire chithunzi, zina zonse asiyire ine.

Patapita masiku angapo foni inalira ndili pamakina. Chinali chithunzi chochokera kwa iye, ndipo pansi pake panali uthenga wa mawu umene unangozungulirazungulira osatseguka, chifukwa mamega anga a intaneti anali atatha. Sindinadandaule. Chithunzicho chinali chodzilankhulira chokha. Pansi pake panali pakuda bii, pamwamba pali timazira tabuluu tomwazikana, ndipo m'kati mwa dzira lililonse munali timadontho tobiriwira towala, ena ambiri, ena ochepa. Ndasoka nsalu zambirimbiri pa moyo wanga, koma yokongola chonchi ndinali ndisanaione. Ndinaonetsa amayi ogulitsa mandasi pambali panga, ndinaonetsa mwini loja, onse anavomereza kuti mwana wophunzira amasankhadi zosiyana ndi ife.

Akuti safunsa anadya phula. Ine ndinachita kuyenda pa phula lenilenilo mpaka ku Cuamba, nditapanikizidwa pakati pa matumba a makala ndi bambo wina wonyamula batire ya galimoto pamwendo. Ndinalowa loja ndi loja, foni ili m'manja. Anyamata a m'maloja ankaitenga, kuikulitsa ndi zala, kuitanizana.

"Nada, palibe, mama. Iyi sinafike kuno."

"Yang'anani bwino kuseriko, inu. Mwana wanga waiona ku Joni."

"Ndiye mukaigule ku Joni konko, mama."

Wina anandilumbirira kuti anali nayo mwezi watha koma inatha tsiku limodzi. Mpaka lero ndikadutsa pa loja yake ndimamuyang'ana ndi diso limodzi. Dzuwa litapendeka, miyendo itatupa, ndinapeza pafupi ndi siteshoni ya sitima nsalu yoyandikirako, yabuluu woderapo yokhala ndi madontho obiriwira, ngakhale inalibe timazira. Ndinagula yokwanira banja lonse, ndi ya apongozi omwe, ndipo ndinabwerera ndili ndi mtima woti mwanayo adzandikhululukira kuti sindinapeze yeniyeniyo.

Mwanayo anafika kutatsala masiku ochepa kuti phwando lichitike, atawonda, tsitsi atameta ngati mnyamata. Titatha kulira ndi kukumbatirana ndinamasula mtolo wa nsalu n'kuyamba kupepesa.

"Yabwinotu iyi, amayi," anatero. "Anasankha ndani?"

"Iwe amene. Kungoti ya timazira ija kulibe ku Cuamba konse."

"Ya timazira iti?"

Ndinamuonetsa foni. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nsalu, anandiyang'ana ine, kenako anakhala pansi pa simenti n'kuseka mpaka misozi, akugwira m'mimba, akulephera ndi kulankhula komwe. Ine ndinaima ndi mtolo wanga, mkwiyo ukukwera. Atapezako mpweya anati, "Amayi, uthenga uja simunaumve? Ndinati nsalu musankhe nokha, ine ndilibe nthawi, onani chimene chikunditangwanitsa. Imeneyi ndi ntchito yanga. Ndi maselo."

Ndinamuuza kuti maselo akewo akanatha kuwatumiza tsiku lina, osati tsiku limene munthu akudikira kapulana. Sindinamulankhule mpaka madzulo. Koma nsalu inali itagulidwa kale, ndiye ndinasoka, ndipo pa phwando banja lonse linali labuluu ndi madontho obiriwira. Nkhani inali itafika kale paliponse. Aliyense wobwera kudzandipatsa moni ankayamba ndi kufunsa ngati amenewa ndiwo maselo aja.

Mlongo wanga anabwera monga ndinayembekezera, atavala malaya amene ndinamutumizira, manja atapinda. Kachilonda kaja ndinakaona pamene ankawerama kusamba m'manja. Kanali katakula ngati mbewu ya nyemba, m'mphepete mwake motukuka, ndipo mpunga wa phwandolo sindinaumve kukoma.

M'mawa mwake alendo atabalalika tinakhala pakhonde atatu, ine, iye ndi mwanayo. Ndinali nditakonza mawu anga onse, ndipo mwanayo ndinali nditamunong'oneza kuti andithandize kuwakakamiza amalume ake. Koma mlongo wanga ananditsogolera. Nkhani ya kapulana inali itamukomera kwambiri, ankangoibwereza.

"Dotora wathu," anatero, "tationetsa nsalu ija inayendetsa mayi ako mpaka ku Cuamba."

Mwanayo anabweretsa kompyuta yake n'kuitsegula. Maso a mlongo wanga saona patali ndipo kuwala kumawavuta, ndiye anakokera mpando kumthunzi n'kuyandikitsa nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Timazirati n'chiyani?"

Mwanayo anafotokoza pang'onopang'ono, Chichewa chake chikutsimphina apa ndi apo. Anati thupi la munthu linamangidwa ndi tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, ndiwo maselowo, ndipo dzira lililonse labuluu ndi chipinda cha pakati pa selo imodzi. M'chipindamo muli ulusi wautali wokulungidwa, umene amautcha DNA, ndipo pa ulusiwo panalembedwa malangizo onse a mmene seloyo ikhalire ndi nthawi yoti ileke kuberekana. Iye amalera maselo a khungu m'timbale tagalasi, n'kuwawalitsira mbali ija ya kuwala kwa dzuwa imene imapsereza. Kuwalako kumawononga ulusi uja. Kenako amathira mankhwala oti paliponse pamene pawonongeka pawale mobiriwira, n'kujambula ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono.

"Ndiye madonthowa ndi mabala," anatero mlongo wanga.

"Ndi pamene selo yazindikira kuti pawonongeka, amalume, n'kuitanirapo okonza. Ngati choko cha amayi akamalemba pamene pang'ambika asanasoke."

Ndinafunsa ngati amakhala n'kumawerenga timadontho tonseto ndi chala. Anati poyamba ankatero ndithu, mpaka maso kuchita mdima, ndipo munthu akatopa amayamba kuona zimene akufuna kuona. Tsopano ali ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imazunguliza mzere dzira lililonse, kuwerenga madontho ake ndi kuyeza kuwala kwake, pa zithunzi zambirimbiri zoti munthu sangazimalize. Anatisonyeza, ndipo timizere tofiira tinatulukira tokha kuzungulira timazira tonse. Anati ntchito imene inamuwondetsa inali yophunzitsa pulogalamuyo kusiyanitsa dontho lenileni ndi kafumbi kogwera pagalasi, ndiponso kuti timazira tiwiri togundana isamatiyese limodzi. Mlongo wanga anati ndiye kompyutayo ndi yopusa ngati mwana wake wachiwiri, amene amazula chimanga n'kusiya udzu.

Kenako mwanayo anatsegula chithunzi china cha maselo a mtundu womwewo, ojambulidwa patapita nthawi. Madontho anali atachepa kwambiri, timazira tina tili mbee.

"Asoka," anatero mlongo wanga mokondwa, ngati ndi ana ake apambana mayeso. "Mwaona, achemwali? Thupi limadzikonza lokha. Inu mumangovutika."

Mtima wanga unagwa. Ndinaona kuti mwana uyu, ndi sukulu yake yonse, wangomupatsa munthu wouma mutuyu ndodo yondimenyera. Ndinamuponda phazi mwanayo pansi pa tebulo. Iye sanandiyang'ane n'komwe.

"Amasokadi, amalume," anatero. "Koma mawa dzuwa likang'ambanso, asokanso. Mkuja chimodzimodzi. Pa kusoka kochuluka chonchi, tsiku lina amalumikiza molakwika, malangizo aja n'kusokonekera, ndipo selo imeneyo imayamba kuberekana osaleka. Chilonda chosapola nthawi zina chimayamba choncho. Ine si dokotala wa odwala, chanucho sindingachidziwe pochiyang'ana. Odziwa ndi amene angachidule n'kukachiyeza."

Mlongo wanga anabwerera m'mbuyo pampando. Nkhope yake inatsekeka mmene imachitira ndikatchula Cuamba, ndipo ndinadziwa kuti funso lotsatira likhala la mvula. Koma anafunsa lina.

"Nanga dzuwa lomweli, mayi akowa siliwang'amba bwanji? Amakhala pakhonde tsiku lonse."

"Limawang'amba, koma pang'ono. Dikirani ndikusonyezeni."

Anafufuza n'kutsegula chithunzi chosiyana ndi zija, chopanda buluu ndi zobiriwira. Anati ichi si chake, n'chophunzitsira, ndipo ndi kachidutswa ka khungu la munthu wakuda, kodulidwa mopyapyala. Maselo anali atandandalikana mumzere, ndipo pamwamba pa chipinda chapakati cha selo iliyonse panali kanthu kofiirira kokhala ngati kambale kovundikira. Anati kameneko ndi utoto umene umatidetsa khungu. Selo imausonkhanitsa pamwamba pa chipinda cha ulusi, mbali yoyang'ana kudzuwa, kuti kuwala kuzigwera pamenepo. Anati ngakhale m'mabuku awo amakatcha kachipewa.

Mlongo wanga anayandikitsanso mphuno pagalasi. Anayendetsa chala pamzere wonsewo, kachipewa ndi kachipewa.

"Aliyense ali ndi chake?"

"Aliyense, amalume."

"Anga alibe."

"Anu alibe. Ulusi ndi womwewo, osoka ndi omwewo, amagwira ntchito ngati a wina aliyense. Chimene chikusowa n'chipewa chokha."

Kumsewu kobradori, wotolera ndalama m'shapa ya ku Lichinga, ankaitana anthu. Kenako mlongo wanga anaseka, kuseka kwina kumene ndinali ndisanakumvepo kwa iye.

"Ndiye anyamata a nsomba aja," anatero, "onse aja anali atavala zipewa. Thupi lonse zipewa zokhazokha, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. N'kumandiseka ine wa chimodzi."

Ine ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba ngati ndikukaona nkhuku, chifukwa sindinafune kuti andione ndikulira. Zaka zonsezo ndinkamuuza kuti chipewa n'chofunika kwa munthu wonga iye, ndipo mawu akuti wonga iye ndi amene ankamulasa. Mwana wanga sanamupemphe kanthu. Anangomuonetsa kuti tonsefe tinabadwa titavala, iye yekha ndiye anatumizidwa kumunda mutu uli pamtunda. Nditabwerera ndinapeza akufunsa kuti shapa yoyamba ya ku Cuamba imanyamuka nthawi yanji, ndipo anandiuza mwaukali, ngati ndine ndinkakana, kuti yekha sapita.

Tinapita atatu. M'shapa ndinamukhazika pakati, ine mbali iyi mwanayo mbali inayo, ndipo aliyense womuyang'anitsitsa ndinkamubwezera diso mpaka atembenuke. Ku Cuamba anamuona n'kutitumiza ku Nampula, ndiye tinakwera sitima, ulendo wake woyamba, ndipo anathera njira yonse kunyoza minda ya anthu pawindo. Anamudula kachilondako n'kumusoka, ndipo kasokedwe kake ndinakayang'ana ndi diso la telala, sindinapeze chonena. Zotsatira zitabwera anati inalidi khansa ya pakhungu, koma inali isanalowe pansi, ndipo anaichotsa yonse. Anamuuza kuti azibwera kudzaonedwa, ndipo kachilonda kalikonse katsopano asakasunge. Dokotala wake, mayi wamng'ono thupi, anati tikanadikira dzinja lina nkhani ikanakhala ina. Ndinathokoza Mulungu, ndinathokoza dokotalayo, ndipo mumtima ndinathokoza ngakhale mnyamata wabodza uja wa m'loja.

Mwanayo anabwerera ku Joni, ku timbale take ndi pulogalamu yake yosadziwa fumbi. Pomuperekeza ndinamufunsa ngati anasankha ntchito imeneyi chifukwa cha amalume ake. Anati sakudziwa, mwina, koma ali mwana ankaona khosi lawo likusenda nthawi yolima ndipo ankafuna kudziwa chifukwa chake. Zimene amafufuza sindizimvetsa zonse, ndipo iye mwini amati n'kachidutswa kakang'ono ka ntchito yaikulu imene mwina idzathandiza anthu iye atakalamba. Ine sindidikira zimenezo. Kwa ine ntchito yake inabereka kale, pakhonde panga, m'mawa umodzi. Masiku ano akatumiza chithunzi ndimayamba ndagula mamega.

Nsalu ija inatsalako yambiri, chifukwa ndinagula ngati ndikuveka mudzi wonse. Ndinadula chipewa cha mlomo waukulu, ndinaika chinsalu cholimba m'kati kuti chisagwere kumaso, ndipo kumbuyo ndinalumikiza chidutswa chotsika mpaka m'mapewa chophimba makutu ndi khosi. Ndinachipereka kwa mlamu wanga osanena mawu ambiri, chifukwa munthu uja ukamuuza kuti vala ndiye wamuuza kuti vula. Sindinamve kanthu za chipewacho, ndipo sindinafunse.

Mvula yoyamba itagwa ndinakwera shapa kupita ku Itepela ndi mankhwala ake opaka oteteza kudzuwa. Munda wake umayambira pafupi ndi msewu n'kutsetserekera kudambo. Tisanafike poimira ndinaona anthu akubzala cha kumunsi, ndipo pakati pawo panali kanthu kabuluu kakuwerama n'kuweramuka. Ndinauza kobradori kuti anditsitse pomwepo.

Anandiona ndikubwera n'kuimika khasu. Manja a malaya anali otsitsa mpaka m'mikono. Chipewa chinali chitayamba kale kucha ndi dzuwa, madontho aja atazilala, mlomo wake uli ndi dothi la zala.

"Achemwali," anatero, "ichi chikutha. Nsalu ija ilipobe?"

Ndinati ilipo.

"Musoke ziwiri. Kuseri kwa phiriko kuli kamtsikana konga ine, kayamba sukulu chaka chino. Mutu wake ndi waung'ono chonchi." Anaonetsa ndi manja ake okhakhala, n'kuweramiranso kukhasu.